Phunziro: Kuyenda ndi Galu Kunja Kukaipa, ndi Kusankha Chingwe Chake

Ophunzira, lero tikambirana za kusamalira galu m'dziko limene galu saloledwa kuyenda yekha. Titenga chitsanzo cha ku Britain, kumene mvula imagwa mwezi uliwonse ndipo kutuluka ndi galu m'mawa ndi madzulo ndi ntchito yosadumphika. Abale athu ambiri ali kumeneko. Ena amasamalira okalamba m'nyumba zokhala ndi agalu, ena anagula kagalu ana atavuta nako. Chakumapeto tiona zimene zikutikhudza kuno kwathu.

Mfundo yaikulu muilembe m'makope mwanu: kunja kukaipa, ulendo umafupika ndipo chingwe chimafupikanso, koma galu amatulukabe. Masiku oti asayende n'komwe ndi ochepa, ndipo tiwatchula.

1. Chifukwa chake galu amatulutsidwa

Galu wa kumudzi amadziyendetsa yekha. Amaperekeza mbuye wake kumunda, amazungulira mudzi, amakadzithandiza kuthengo. Galu wa ku Leeds kapena ku Manchester amakhala m'nyumba, nthawi zina pansanjika yopanda bwalo. Akapanda kutulutsidwa alibe kokodzera, alibe kothamanga, alibe konunkhiza. Kununkhizako musakupeputse, chifukwa galu amadziwa za dziko kudzera m'mphuno, ndipo mphindi zochepa zonunkhiza m'mbali mwa msewu zimamukhazika mtima pansi. Wotsekeredwa masiku angapo amayamba kutafuna mipando, kuuwa usiku ndi kunenepa. Lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limalamula mwini chiweto ku England ndi Wales kuchipatsa mpata wochita zimene mtundu wake umachita mwachibadwa. Walira mvula walira matope: wogula galu wagulira limodzi maulendo a m'mvula.

2. Malamulo okhudza chingwe

Loyamba ndi Control of Dogs Order la 1992. Galu akakhala pamalo opezeka anthu onse, avale kolala yolembedwa dzina ndi adiresi ya mwini wake. Kuyambira mu April 2016, ku England, Scotland ndi Wales galu aliyense ayeneranso kubayidwa kachipangizo ka microchip pansi pa khungu pofika masabata 8. Kachipangizoka sikalowa m'malo mwa kolala. Zonse ziwiri zimafunika, ndipo phindu lake limaoneka tsiku limene bingu lamuthawitsa galu.

Lachiwiri lili m'buku la malamulo a pamsewu, Highway Code, pa nambala 56: galu akhale pachingwe chachifupi mukamayenda m'mbali mwa msewu kapena m'njira yodutsanso anjinga ndi okwera pamahatchi.

Lachitatu ndi Countryside and Rights of Way Act la 2000. M'madera a tchire ndi mapiri amene boma linalola anthu kuyendamo, galu akhale pachingwe chosapitirira mamita 2 kuyambira pa 1 March mpaka pa 31 July, nthawi imene mbalame zoikira mazira pansi zikufungatira. Pafupi ndi ziweto lamuloli ndi la chaka chonse. Koma ng'ombe zikayamba kukuthamangitsani, tayani chingwe. Zimene zikufuna ndi galuyo, ndipo iye amathamanga kuposa inu.

Lachinayi ndi la agalu a mtundu wa XL Bully. Kuyambira pa 31 December 2023, ku England ndi Wales amenewa akhale pachingwe ndiponso atavala chotsekera pakamwa nthawi zonse akakhala pagulu.

Makhonsolo amakhalanso ndi malamulo awo a m'mapaki, ndiye muziwerenga zikwangwani. Ndowe za galu zimatoledwa ngakhale mvula ikugwa, ndipo wosiya amalipitsidwa chindapusa.

3. Nyengo ndi zoopsa zake

Mvula ndi matope. Mvula payokha sivulaza galu wathanzi. Galu wa mtundu wa Labrador ali ndi ubweya wa magawo awiri umene sulola madzi kufika msanga pakhungu, ndipo mvula amaikonda. Greyhound ndi whippet ali ndi khungu lopyapyala ndi mafuta ochepa, motero amazizidwa msanga. Amenewa, pamodzi ndi tiagalu tating'ono ndi agalu okalamba, amafunika kajekete. Choopsa chenicheni ndi zimene mvula imasiya. Madzi a m'zithaphwi ndi a m'ngalande amatha kukhala ndi tizilombo ta matenda a leptospirosis, tochokera mu mkodzo wa makoswe. Matendawa amawononga impso ndi chiwindi, ndipo amagwiranso anthu. Katemera wake alipo ndipo amabwerezedwa chaka ndi chaka. Palinso matenda osowa koma akupha otchedwa Alabama rot, amene anayamba kuoneka ku Britain mu 2012. Amapezeka kwambiri pakati pa November ndi May, nthawi zambiri mwa agalu oyenda m'nkhalango zamatope. Amayamba ndi zilonda zapamiyendo zosadziwika chochititsa, kenako impso zimaleka kugwira ntchito. N'chifukwa chake madokotala a ziweto amalangiza kutsuka matope mukangofika kunyumba, ndi kuthamangira kuchipatala mukaona chilonda chachilendo. M'mbali mwa mtsinje wodzadza galu asamasulidwe.

Mdima ndi chifunga. Mu December dzuwa ku London limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo ku Scotland limalowa msanga kuposa pamenepo. Ulendo wa madzulo umakhala wa mumdima. Woyendetsa galimoto amene mvula ikumenya pagalasi sangaone galu wakuda. Galu avale chonyezimira kapena kanyali pakolala, inu muvale chowala ndipo munyamule tochi.

Mphepo ndi mabingu. Nthambi ya zanyengo ya Met Office imachenjeza ndi mitundu itatu: wachikasu, wa amber ndi wofiira. Wofiira umatanthauza kuti moyo uli pachiswe. Kukachita mphepo yamkuntho pewani nkhalango chifukwa cha nthambi zogwa, pewaninso maphompho ndi makoma a m'mphepete mwa nyanja kumene mafunde amakokolola anthu. Mphepo imamwazanso mawu anu, choncho galu amene amabwera mukamuitana sangakumveni tsiku limenelo. Mphezi ikang'anima werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi 3 aliwonse ndi mtunda wa kilomita imodzi. Bingu likamveka bwererani kunyumba, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Galu wamantha amadzikoka chafutambuyo n'kuvula kolala, kenako amathamanga osaona kumene akupita.

Chisanu. Makhonsolo amawaza mchere wosakaniza ndi timiyala m'misewu kuti madzi asaundane. Mcherewu umang'amba mapazi a galu, ndipo akaunyambita wambiri amadwala. Mukabwerako mutsukeni mapazi ndi madzi ofunda, muchotsenso timibulu ta chipale tomatirira pakati pa zala. Chenjerani ndi madzi a antifreeze otayikira pansi pa magalimoto. Ambiri amakhala ndi mankhwala a ethylene glycol, otsekemera pakamwa koma owononga impso ngakhale galu atanyambita pang'ono. Pafupi ndi dziwe loundana pamwamba, chingwe chisachoke m'manja. Galu akagweramo musamutsatire. Imbani 999. Ozimitsa moto amachenjeza za zimenezi chaka chilichonse, chifukwa pali anthu amene anamira potsatira galu, galuyo n'kutuluka yekha.

Kutentha. Anthu ambiri akamva zoti kunja kwaipa amaganiza za mvula, koma nyengo imene imapha agalu mosavuta ndi ya dzuwa. Thupi la galu limatentha madigiri 38 mpaka 39, ndipo likadutsa 41 ziwalo zam'kati zimayamba kuwonongeka. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili kunja. Agalu a mphuno zofupika monga pug ndi French bulldog njira yawo ya mpweya ndi yopanikizika, ndiye amatenthedwa msanga. Kafukufuku wa akatswiri a ku Royal Veterinary College ndi Nottingham Trent University, wotuluka mu 2020, anapeza kuti pafupifupi agalu 3 mwa 4 aliwonse odwala ndi kutentha anadwala chifukwa choyenda kapena kuthamanga, osati chotsekeredwa m'galimoto. Pa 19 July 2022 ku Coningsby kunatentha madigiri 40.3, ndiye musati ku Britain sikutentha. Musanatuluke, ikani kuseri kwa dzanja lanu patala masekondi 5. Mukalephera kupirira, mapazi a galu apsa. Yendani m'mamawa kapena dzuwa litalowa. Galu akayamba kudzandira, kuchucha dovu kapena kusanza, muikeni pamthunzi ndi kumuthira madzi ozizira thupi lonse pomwepo, kenako mupite naye kwa dokotala. Kuziziritsa kumayamba, ulendo wa kuchipatala umatsatira.

4. Mitundu ya zingwe

Posankha chingwe dzifunseni mafunso atatu. Galuyu ndi wolemera bwanji ndipo amakoka motani? Tikupita kuti? Nanga chingwechi chikanyowa, dzanja langa lichigwira?

Chingwe wamba. Chimatalika mita 1.2 mpaka 1.8, chili ndi chogwirira mbali ina ndi chokolowekera chachitsulo mbali inayo. Ichi ndicho chingwe cha m'tauni, cha mumdima ndi cha m'mvula. Amene angathe kugula chimodzi chokha agule chimenechi.

Chingwe cha zokolowekera ziwiri. Chimatalika pafupifupi mamita 2 ndipo chili ndi mphete zingapo, kotero mumatha kuchifupikitsa pamsewu ndi kuchitalikitsa mukafika kupaki. Chokolowekera china mutha kumanga pakolala, china pamalamba a pachifuwa. Kwa galu woopa mabingu palibe choposa ichi, chifukwa akavula chimodzi amakhala adakali womangidwa ndi chinacho.

Chingwe chodzikulunga chokha. Chimatuluka m'kabokosi kapulasitiki kokhala ndi sipuling'i ndi batani loimitsira. Chinatchuka ndi kampani ya Flexi ya ku Germany, yoyambitsidwa ndi Manfred Bogdahn m'zaka za m'ma 1970, ndipo chimapezeka cha mamita 3, 5 kapena 8. Pabwalo lalikulu, masana, ndi galu wofatsa, chimathandiza. Kunja kukaipa chimakhala ndi mavuto anayi. Kabokosi konyowa kamaterereka m'manja, makamaka mutavala magolovesi, ndipo kakagwa kamathamangira galuyo kakuchita phokoso, iye n'kuthawa kwambiri. Kachingwe kake n'kowonda moti wanjinga sakaona mumdima. Mukakagwira ndi dzanja galu akuthamanga kamacheka zala. Vuto lachinayi ndi la sayansi. Galu wa pachingwe chachifupi alibe mtunda woyambira liwiro, pamene wa pamamita 8 amafika kumapeto ali pa liwiro lonse. Mphamvu ya chinthu chothamanga imakula kanayi liwiro likangowirikiza kawiri. Mphamvu yonseyo imathera pakhosi pa galu ndi paphewa panu, inu mutaima poterera.

Chingwe chachitali chophunzitsira. Ndi cha mamita 5 mpaka 10, chopanda kabokosi, chokwekwereza pansi. Chimathandiza pophunzitsa galu kubwera akaitanidwa, komanso tsiku la mphepo pamene simukufuna kumumasula. Chimangidwe pamalamba a pachifuwa, osati pakolala, ndipo malo ake ndi pabwalo, osati pamsewu.

Chingwe chakhwekhwe. Ndi chingwe chimodzi chokhala ndi mphete, chimene chimavalidwa pakhosi n'kumathina galu akakoka. Alenje ndi ogwira ntchito m'zipatala za ziweto amachikonda chifukwa chimavalika msanga. Kwa galu wophunzitsidwa amene sakoka chilibe vuto. Kwa wokoka chimamutsamwitsa.

Chingwe chomanga m'chiuno. Othamanga amachikonda chifukwa manja amakhala opanda kanthu. Pamatope ndi pamadzi oundana chisiyeni kunyumba, chifukwa galu akangodumpha mugwa.

Unyolo. Umayenera galu wotafuna zingwe basi. Ndi wolemera, umazizira m'manja, umachita dzimbiri, ndipo simungaugwire pakati kuti muufupikitse.

Tikambenso za chopangira chingwe. Nayiloni ndi wotchipa komanso wolimba, koma amamwa madzi, amalemera, amanunkha, ndipo amawotcha m'manja akakokedwa mwadzidzidzi. Chikopa chimagwirika bwino ndipo chimafewa ndi zaka, koma chikanyowa chimafuna kuuma pang'onopang'ono kutali ndi moto kenako kupakidwa mafuta ake, apo ayi chimang'aluka. Chingwe chokutidwa ndi pulasitiki wofewa, monga cha BioThane, sichimwa madzi ndipo matope mumangopukuta. Ina mwa mitundu yake imaterereka ikanyowa, choncho sankhani mtundu wokhala ndi timizere kapena wolukidwa ndi labala. Kukula kwa chingwe kulingane ndi galu. Chokolowekera cholemera chimamenya kagalu kakang'ono pachibwano, pamene chaching'ono chimathyoka galu wa makilogalamu 40 akakoka.

5. Kolala kapena malamba a pachifuwa?

Chingwe chabwino chomangidwa pachinthu cholakwika sichithandiza. Kolala ilole zala ziwiri kulowa pakati pa iyo ndi khosi, koma isavuke mukaikokera kumutu. Muiyese galu ali wonyowa, chifukwa ubweya ukanyowa umaphwa ndipo kolala imene inali yokwana imakhwepa. Greyhound ali ndi mutu wowonda kuposa khosi, motero amafunika kolala yotambalala kapena ya martingale, imene imathina pang'ono n'kuima.

Galu wokoka, kagalu kakang'ono ndi galu wa mphuno yofupika avale malamba a pachifuwa, amene m'masitolo amawatcha harness. Amachotsa mphamvu pammero n'kuigawa pachifuwa ndi pamapewa. Abwino ndi opangidwa ngati chilembo cha Y kutsogolo, chifukwa satchinga mapewa. Okhala ndi mphete pachifuwa amatembenuzira galu kwa inu akayamba kukoka. Mukamuveka jekete onetsetsani kuti mphete yatulukira pabowo lake, ndipo kolala ya adiresi ikhalepobe.

Makolala opweteka, monga a minga ndi a magetsi, mabungwe a RSPCA ndi Dogs Trust amawatsutsa, ndipo ku Wales a magetsi analetsedwa mu 2010. Ululu umangowonjezera mantha pa galu amene akuopa kale.

6. Kagwiridwe ka chingwe

Lowetsani chala chachikulu m'chogwirira, mufumbate, ndipo dzanja linalo ligwire chapakati. Musakulunge chingwe pazala kapena pamkono. Galu akadumpha zala zimathyoka, ndipo simungachitaye ng'ombe zikabwera. Chingwe chizikhala chokhwepa pang'ono. Galu akakoka imani, ndipo muyambenso kuyenda chikakhwepa. Akazolowera amadziwa kuti kukoka sikumufikitsa kulikonse. Pamsewu inu mukhale mbali ya magalimoto. Poterera yendani mapazi afupiafupi, ndipo galu wamkulu musapatse mwana kapena gogo kuti agwire. Ambulera imadya dzanja limodzi ndipo mphepo imaitembenuza, ndiye jekete ya chipewa ndiyo yabwino.

Mukafika kunyumba pukutani galu ndi thaulo, makamaka m'makutu, m'khwapa ndi pakati pa zala. Chingwe muchitsuke ndi kuchiyanika. Kamodzi pa sabata yang'anani ulusi wosokera pafupi ndi chokolowekera, ndipo muyese ngati sipuling'i yake ikubwerera. Mchenga, mchere ndi dzimbiri zimaiumitsa, ndipo chokolowekera chosatsekeka bwino chimamasuka galu akadzikutumula.

7. Masiku osayenda

Alipo anayi: pamene pali chenjezo lofiira, pamene mabingu akugunda, pamene tala ikuwotcha dzanja, ndi pamene njira yaundana moti munthu sangaime. Masiku amenewa galu atuluke pakhomo mphindi zochepa, ali pachingwe, kukadzithandiza basi. M'nyumba mubisireni chakudya m'makona kuti achifunefune ndi mphuno, kapena mumuphunzitse kukhala pansi ndi kudikira kwa mphindi 10. Galu safa chifukwa cholephera kuyenda tsiku limodzi, koma ulendo umodzi wa padzuwa loswa mtengo ukhoza kumupha.

8. Nanga kuno kwathu?

Ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Lusaka mabanja ena amayenda ndi agalu awo, ndipo nthawi zambiri ntchitoyi imagwera mlonda kapena wosamalira pabwalo. Za chipale sizitikhudza, koma za kutentha zimatikhudza kuposa a ku Britain. Mu October ndi November tala ndi mchenga zimawotcha kuyambira m'mawa ndithu. Nthawi ya dzinja ngalande zimadzadza mwadzidzidzi, mphezi zimachuluka, ndipo nkhupakupa zimaswana muudzu wautali, choncho mukabwerako mufufuzeni galu m'makutu ndi m'khosi. Masiku a chiperoni chifunga chimabisa galu kwa oyendetsa magalimoto.

Tili ndi chifukwa china chogwirira chingwe chimene a ku Britain alibe, ndicho chiwewe. Galu wa pachingwe salumana ndi agalu oyendayenda, ndipo saluma mwana wodutsa. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera ku Blantyre mu 2015, ndipo akatswiri amati agalu 7 mwa 10 aliwonse a m'dera akabayidwa matendawa amaleka kufala. Chingwe sichilowa m'malo mwa katemera. Amene alibe ndalama zogulira cha m'sitolo atha kupita kwa telala kapena wosoka nsapato ndi lamba wolimba wa chikwama ndi chokolowekera chabwino. Waya ndi chingwe chowonda cha nayiloni zimacheka khosi, ndiye zisamangidwe pa galu.

Mafunso obwereza

1. Tchulani zinthu ziwiri zimene lamulo la ku Britain limafuna kuti galu akhale nazo kuti adziwike mwini wake.
2. Fotokozani mavuto anayi a chingwe chodzikulunga chokha pa tsiku la mvula.
3. Mphezi yang'anima ndipo bingu lamveka patatha masekondi 9. Mphezi ili pamtunda wotani, ndipo muchita chiyani?
4. N'chifukwa chiyani kolala iyenera kuyesedwa galu ali wonyowa?
5. Galu wayamba kudzandira ndi kuchucha dovu padzuwa. Lembani zochita motsatira ndondomeko yake.

Ntchito ya kunyumba

Mayi wina wokalamba ku Bristol ali ndi whippet woopa mabingu, ndipo mwapemphedwa kuti muziyenda naye madzulo mu December. Lembani ndime imodzi yofotokoza chingwe chimene mungasankhe, pamene mungachimange, zimene galuyo avale, ndi zimene mudzachite mukabwerera kunyumba. Pa chilichonse mupereke chifukwa chake.